Kona Imodzi Yatsala

Ndinatsika minibasi ku Nkhata Bay ndi kachikwama kamodzi, muli zitenje, diresi ya kutchalitchi ndi mswachi. Ndinkati ndikhala masabata ochepa. Bambo anga anali atagwidwa ndi sitiroko, dzanja lamanja ndi mwendo zitafa, pakamwa patapotoka, ndipo mayi anali atatisiya kale. Ana tilipo awiri: ine, wokwatiwa ku Mzuzu, ndi mlongo wanga amene ali ku Joni. Mwamuna wanga anandiperekeza pa depoti n'kunena kuti ndikawaone Ada, akayamba kupezako bwino ndibwerere. Kwathu kuno bambo timawatchula kuti Ada, ndipo naye anali atazolowera kutero. Mwana wathu wamkazi anali kusukulu yogonera komweko, choncho ndinalibe chifukwa chodandaulira.

Nyumba imene ndinawapezamo Ada si imene tinakuliramo. Ndi ya mlongo wanga, yomangidwa pamtunda poyang'ana padoko, pamene kale panali munda wathu wa chinangwa. Kuno mwamuna akapita kunja amamanga nyumba kwawo, apo ayi anthu amamutchula kuti mtchona, wotayika. Inamangidwa pang'onopang'ono, chaka chino maziko, chaka chinacho makoma kufika m'mawindo, ndipo mmisiri aliyense ankabwera ndi maso ake ndi chingwe chake. Ukaiona kunja ndi nyumba yoti munthu n'kuima panjira kuiyang'ana. Ukalowamo ndi sikweya yoyezera makona, palibe khoma limene limagwirizana ndi linzake.

Pangano lathu linali lomveka bwino, ndipo mlongo wanga analinena yekha pafoni, Ada akumva. Nyumba ikangotha abwera ndi banja lake kudzakhalamo, asamale Ada monga mwana wamwamuna, ine ndibwerere kubanja kwanga. Chotsala chinali chochepa: sikating'i, timatabwa tija timazungulira m'munsi mwa khoma kubisa pamene pulasitala wakumana ndi simenti ya pansi. Akuti mkazi wake sangalowe m'nyumba yosatha. Ndinaseka, ndinati alamu anga amenewa ndi a mwambo ndithu, koma sikating'i ndi ntchito ya mlungu umodzi, tiona ngati sabwera.

Ndinali nditaiwala kuti bambo anga ndi ndani. Ali mnyamata nawonso anapita ku Joni, koma iwo sanalowe mumgodi. Ankagwira ntchito yomalizitsa m'kati mwa nyumba za azungu, zitseko, siling'i ndi timatabwa ta m'makoma. Anabwerako ndi bokosi lachitsulo la zida, suti imodzi, ndi matama amene sitiroko inalephera kuwapha.

Kalipentala woyamba anali munthu wodziwika ndithu m'tauni, wopanga mabedi ndi zitseko kufupi ndi msika. Pakona iye ankachita zimene aliyense amachita: kudula matabwa onse awiri mopendeka n'kuwakumaniza ngati felemu ya chithunzi. Poti makoma athu ndi opotoka pankatsala mpata, ndiye ankasakaniza utuchi ndi guluu n'kumata. Ada anali pampando wawo pakhomo la chipinda, akuonerera. Anamusiya amalize kona imodzi, kenako anandiuza kuti ndiyale mkeka, ndiwatsitsirepo, ndiwapatse lezala. Ndi dzanja lamanzere anakanda utuchi uja, lezala n'kungoti lowu. Ananena liwu limodzi la Chilapalapa cha ku Joni limene sindingalilembe pano, kalipentala uja n'kutola zida zake.

Wachiwiri sanafike ngakhale masana. Wotsatira anamva mbiri asanakwere n'komwe mtunda wathu, anangotumiza uthenga kuti watanganidwa. Ada ankati anthuwa sadziwa dziko limene akukhalamo. Ku Nkhata Bay mvula siikhululuka, matabwa amamwa chinyontho n'kufufuma, ndipo likafika dzuwa la Okutobala amauma n'kubwerera. Kona yodula mopendeka imayasamula chaka chisanathe, utuchi n'kugwa, mphemvu n'kupeza kwawo. Ankalankhula movutika, malovu akutsikira kumbali yakufayo, ine ndikupukuta, koma pankhani ya makona mawu ankatuluka onse.

Tsiku limene uthengawo unafika ndinapsa mtima. Ndinali nditachapa zofunda zawo kawiri, msana ukuwawa chifukwa chowanyamula, ndipo m'munsi ku depoti anyamata oitanira minibasi ankakuwa dzina la Mzuzu ngati akundinena. Ndinaima patsogolo pawo, manja m'chiuno.

"Ada, ngati mu Nkhata Bay monse mulibe munthu wodziwa kudula thabwa, ndiphunzitseni ineyo. Ndidula ndekha, ndizipita."

Analoza kunsi kwa bedi kumene kunali bokosi lija. Walira mvula walira matope, ndinadziputira ndekha.

M'bokosimo, pansi pa mapuleni opalira matabwa ndi zizulo zosemera, munali kasowo kokulungidwa m'kansalu ka mafuta. Kamaoneka ngati uta, ndi kampeni kake ka mano kopyapyala ngati chingwe cha gitala. Ada anati mano aziloza kuchigwiriro, kuti kazidula pokoka osati pokankha. Njira yawo ankaitchula kuti kukumbatiza, ndipo imayenda chonchi. Thabwa loyamba sulipendeketsa ayi, umalidula molunjika n'kulikankhira mpaka likagunde khoma. Lachiwiri ndiye lili ndi ntchito. Sikating'i wathu anali ndi kamzere kokhotakhota kumtunda, kotupa kenako kolowa, ndiye mapeto a thabwa lachiwiri uyenera kuwasema kuti atenge maonekedwe enieni a nkhope ya loyamba, livale pamwamba pake. Likatero, kaya khoma lapotoka kaya matabwa auma, kona siyasamula, chifukwa lina lakhala pa linzake.

Kunena n'kosavuta. Umayamba wadula mapeto aja mopendeka, ngati mmene ankachitira akalipentala othamangitsidwa aja, koma apa cholinga n'choti mzere wa nkhope uonekere. Mzerewo umaudetsa ndi mbali ya pensulo. Kenako umautsatira ndi kasowo, utakapendeketsera kumbuyo kuti kadye nyama yakuseri, kutsogolo kutsale mlomo wopyapyala umene ukakhudze thabwa linalo. Pokhota kwambiri suumiriza, umayamba wadula timipata tothandiza kuti zidutswa zizigwa zokha. Pomaliza umasalaza ndi tupa, kapena ndi sandipepa wokulunga pa kamtengo kobulungira. Pamwamba penipeni pamatsala kansonga kochepa ngati chikhadabo cha mwana, ndipo kakathyoka ntchito yonse yapita.

Ndinathyola tinsonga tosawerengeka. Ndinathyolanso timipeni tonse timene Ada anabwera nato ku Joni, ndipo kalikonse kakati thyo, iwo ankatsinzina ngati ndawaponda chala. M'mashopu a kuno timipeni timeneti munalibe, wogulitsa wina anafuna kundipatsa todulira chitsulo. Ndinachita kuimbira mwamuna wanga. Munthu wa mu ofesi, wovala tayi, anazungulira mashopu a zitsulo a mu Mzuzu ndi kachidutswa ka kampeni m'thumba la malaya mpaka anatipeza, n'kupatsira kondakitala wa minibasi. Pafoni ankaseka, ankati anakwatira mphunzitsi koma amubwezera kalipentala. Masiku amenewo tinkasekabe.

Ada anali ndi lamulo lakuti misomali isalowe yonse mpaka iwo atavomereza kona. Makoma ndi a njerwa, msomali wa konkire ukalowa sutuluka mwaulemu. Choncho ndinkangogwiriziza thabwa, n'kupita kukawatenga. Kuwatsitsa pampando kufika pamkeka ndi ntchito, abale. Ndinkawakumbatira m'khwapa, bondo langa litatchinga mwendo wakufawo, tonse n'kutsika pamodzi ngati tikugwada kupemphera. Akafika pansi ankatsamira paphewa panga, n'kutenga lezala limene linkakhala m'kabokosi ka machesi m'thumba lawo. Ankaliyendetsa kuchokera pamwamba pa kona kufika pansi. Likalowa pena paliponse, ankangoti, bwereza, mama. Ndiye ndiwakweze pampando, ndichotse thabwa, ndiyambirenso.

Poyamba sindinkatsutsa, chifukwa mipata ndinkaiona ndekha, ina yoti n'kulowamo ndi ndalama yachitsulo yomwe. Ndinkasema kwambiri kutsogolo, kapena ndinkaopa kudya kumbuyo thabwa n'kukanika kukhala. Ukalakwitsa umadulako pang'ono n'kuyambanso, ndiye thabwa limafupika, mpaka limakana khoma limene unaliyezera. Ada anandiphunzitsa kulisiya lotalikirako pang'ono, kulipinda pakati ngati uta n'kulisiya kuti lidziwongole lokha, lidzikankhire m'kona. Tsiku limene kona yanga yoyamba inakana lezala, ndinavina m'chipindamo ndi kasowo m'manja. Ada anaseka ndi theka la nkhope, anati yewu, kuthokoza kwa kwathu, ngati kuti ndawapatsa chinachake.

Koma nyumba ya mlongo wanga ili ndi makona, inu. Anaijambula ali ku Joni, akuonera nyumba za kumeneko, zipinda zogona, kanjira ka pakati, kachipinda ka zovala, ndi pabalaza pokhotakhota. Ndipo ine sindinali kalipentala tsiku lonse. M'mawa ndinkawasambitsa Ada, kuwaveka, kuwadyetsa phala, kuwamwetsa mankhwala, kuchapa. Kumsika ndinkapita mothamanga, kutsika mtunda wonse uja, kugula usipa kapena nsomba ya batala, n'kukwera ndili wefuwefu poopa kuti ayesa kudzuka okha. Tsiku lina ndinawapezadi ali pansi pafupi ndi chitseko, chipumi chitatupa, ndipo kuchokera pamenepo ngakhale kutchalitchi ndinkatuluka nyimbo yomaliza isanathe. Kasowo ndinkakagwira masana iwo akagona, kapena akakhala pampando kundiyang'anira.

Tauni yathu ili m'dzenje, mapiri mbali zonse, nyanja kutsogolo. Phokoso lililonse la m'munsi limakwera n'kulowa pawindo. Sitima ikafika padoko imalira, anthu onyamula katundu n'kuyamba kukuwa, ndipo ikamachoka imaliranso. Minibasi zimaitanira Mzuzu kuyambira m'mamawa. Ndikukula phokoso limeneli sindinkalimva n'komwe. Tsopano ndinkalimva lonse ndili chogwada pakona, utuchi uli m'tsitsi, ndipo ndinkadana ndi aliyense amene anali ndi mpando m'galimoto. Ku Mzuzu si kutali, munthu amapita m'mawa n'kubwera masana. Ine ndinalibe woti n'kumusiyira Ada ngakhale kwa theka la tsiku, chifukwa achibale ankabwera kudzaona, kupemphera n'kumapita, ndipo mtsikana wantchito amene tinamuyesa sankatha kuwanyamula.

Kusukulu kumene ndinkaphunzitsa anadikira, kenako analeka kudikira. Mwamuna wanga ankabwera kumapeto kwa mwezi, Loweruka, n'kubwerera Lamulungu. Ankalowa m'zipinda kuwerenga ndi maso makona otsala. Ulendo wina atakhala pakhonde anandiuza kuti kwawo ku Mzimba ayamba kulankhula. Akuti malowolo anapereka onse, nanga mkazi akhala bwanji kwa bambo ake ngati wosudzulidwa? Akuti kusamala bambo ndi udindo wa mwana wamwamuna, mwini nyumba. Azakhali ake anachita kunena kuti mapanga awiri avumbwitsa. Ndinamuyankha mokalipa kuti akawauze azakhaliwo abwere adzanyamule Ada tsiku limodzi lokha, tione ngati mwambiwo adzaukumbukire. Iye sanakwiye. Anangoti iye akumvetsa, koma munthu amatopa kudya yekha, ndipo mwana akabwera patchuthi amapeza nyumba ili zii. Anandipempha kuti ndimuuze tsiku. Ndinati tsiku ndi limene kona yomaliza itseke, ndipo anavomera.

Kuchokera pamenepo foni zake zonse zinkayamba ndi funso limodzi, kuti atsala makona angati. Ndinkayankha monyadira, chifukwa nambala inkatsika. Mlongo wanga naye ankaimba foni ya kanema Lamulungu masana, n'kundiuza kuti ndimuonetse m'zipinda. Ndinkagwada n'kuyandikiza foni pakona, iye n'kumati eee, mlongo, ndiwe katswiri, kuno ukanalemera. Ndikamufunsa za tsiku lobwera ankati Disembala, mapepala akangotheka. Disembala anafika n'kupita, iye anati Pasaka. Ndinkamupatsa Ada foni n'kupita kukaphika, chifukwa mawu a mlongo wanga anali atayamba kundinyansa.

Manja anga anazolowera. Ndinasiya kuthyola timipeni. Ndinkadziwa ndi khutu ngati kasowo kakudya bwino, ndipo kansonga ka pamwamba kaja ndinkakasiya kali chilili. Ndinatulukiranso njira yanga: ndinamata sandipepa pa kachidutswa ka sikating'i yemweyo, n'kumakwecha nako mapeto osemawo, kuti atenge nkhope yake ndendende. Ada anayang'ana, anati ku Joni sankatero, koma sanandiletse. Chodabwitsa n'chakuti mmene manja anga ankakhwima, lezala la Ada linkalowa kawirikawiri kuposa kale. M'zipinda zogona kona inkadutsa ulendo wachiwiri kapena wachitatu. Titafika pabalaza, chipinda chomaliza, kona iliyonse inkandidyera milungu.

Matabwa anatha chifukwa chodulidwadulidwa. Tinaitanitsa ena ku Mzuzu, kwa amene ali ndi makina osemera kamzere kaja. Atafika, Ada anati asagwiritsidwe ntchito msanga, ayambe agona m'nyumbamo kuti azolowere mpweya wa kunyanja, apo ayi adzapindika ali pakhoma. Zinali zoona, ndinkadziwa kuti ndi zoona, komabe ndinatuluka n'kukakhala kuseri kwa bafa kulira. Ndinkawalambalala matabwa amenewo tsiku lililonse, atagona pabalaza pa tinjerwa, akupuma, ine ndikutha.

Tsiku lina ndinagula lezala langa kumsika. Nditamaliza kona ndinaliyesa ndekha Ada asanadzuke, ndipo silinalowe paliponse. Ndinawatsitsa pamkeka mtima uli m'malo. Iwo anayendetsa lawo, linafika pamene kamzere kamakhota, n'kulowa. Ndinawauza kuti ine ndayesa ndipo linakana. Anati dzanja langa ndi lopepuka, lezala limafuna munthu wolidziwa. Nditachotsa thabwalo ndinaona kabala katsopano pamlomo wake, koyera, ngati pamene mpeni wadya. Ndinadziuza kuti ndi dzanja lamanzere, limanjenjemera, si dala. Munthu suganizira bambo ako zoipa uli wowasambitsa m'mawa uliwonse.

Pang'onopang'ono ndi mtolo, makona a pabalaza anatha, inatsala imodzi, ya kuseri kwa chitseko cholowera, pamene palibe mlendo angayang'ane. Imeneyo inakanidwa mpaka ndinasiya kuwerenga. Mvula inatha, mwera unawomba n'kusiya, kunayamba kutentha. Mwamuna wanga akaimba ndinkati yatsala imodzi, mwezi wotsatira n'kunenanso kuti yatsala imodzi. Anasiya kuseka. Tsiku lina anandifunsa mwaulemu ngati kona imeneyo ili ndi dzina ndi nambala ya foni. Ndinamudulira foni, koma usiku wake sindinadye.

Linali Lachiwiri m'mwezi wa Okutobala pamene ndinati lero ndi lero. Ndinasankha thabwa lowongoka kuposa onse, ndinaika kampeni katsopano, ndinanola pensulo. Ndinadula mosapupuluma, thukuta likugwera pathabwa, ndikupuma pokhota paliponse. Kumbuyo ndinadya mokwanira, mlomo unatsala wopyapyala moti ukauika padzuwa unkaonekera. Ndinalipinda pakati, n'kulisiya, linadzikankhira m'kona ndi kaphokoso kakang'ono. Ndinayesa lezala langa, linakana. Ndinaunikira ndi tochi ya foni kuchokera pamwamba, kuwala sikunadutse. Kenako ndinalowa kuchipinda, ndinatulutsa kachikwama kanga kaja n'kukaika pakhomo, poti Ada akaone. Zimenezo ndinachita mwadala.

Ndinawatsitsa pamkeka monga mwa masiku onse. Anatulutsa kabokosi ka machesi, anatenga lezala. Ulendo uno sindinayang'ane kona, ndinayang'ana dzanja lawo. Lezala linatsika bwinobwino mpaka pokhota paja, ndipo pamenepo ndinaona chala chachikulu chikuyera, chikusonkhanitsa mphamvu. Ndinagwira mkono wawo.

"Musakankhe, Ada."

Sanakankhe. Tinakhala choncho, ine nditagwira mkono, iwo atatsamira paphewa panga, mpweya wawo ukundiwomba m'khosi. Kenako anatsegula zala, lezala linagwera pasimenti.

"Yatseka, mama. Makona ako anayamba kutseka kalekale, tisanafike n'komwe pabalaza. Ndinkachita kukankha."

Ndinkaganiza kuti tsiku limene ndidzamve mawu amenewa ndidzakalipa mpaka oyandikana nawo adzabwere. Milungu yonse ija, matabwa onse aja, msana wanga, ntchito yanga, banja langa. Mawu ndinali nawo okonzeka, akuthwa. Koma Ada anali asanamalize. Polankhula movutika muja, anandiuza kuti mlongo wanga sabwera. Anawauza yekha pafoni nthawi ya Pasaka, ine ndili kukhitchini. Anapeza mapepala okhalira konko, ana ake sadziwa Chitonga, mkazi wake safuna n'kumva komwe za kuno. Nyumbayi akuti ikhale yofikira akabwera kudzacheza. Anawapempha Ada kuti andiuze, poti iye ankachita manyazi, ndipo Ada anasunga nkhaniyo m'kamwa miyezi yonseyi. Ankati akandiuza ndipita, akavomereza kona ndipitanso. Ndiye ankakankha lezala.

"Ndinabereka mtchona," anatero. "Iwe ndakulakwira. Kwa mwamuna wako ndinalandira malowolo ndi manja awiriwa, onse ali amoyo. Khoma misomali yako, utenge chikwama, uzipita. Ine Mulungu aona."

Ananena ndi mtima wonse, ndikudziwa. Sankandiyesa. Ndinawakweza n'kuwakhazika pampando, ndinapukuta pakamwa pawo, ndinatola hamala. M'munsi anyamata aja ankaitanira Mzuzu, wina akuti watsala munthu mmodzi. Chikwama chinali pakhomo. Panalibenso wondiletsa, ndipo m'moyo mwanga sindinamvepo kupanikizika ngati pa nthawi imeneyo.

Ndinagwada pakona ndi hamala m'manja, n'kuyamba kuganiza za mawa m'mawa. Ndani awatembenuze? Ndani adziwe kuti akatsokomola kawiri ndiye kuti phala lalowa kolakwika? Ndinaona chipumi chotupa chija pafupi ndi chitseko. Ndinadziwa kuti sindikwera minibasi imeneyo, ngakhale ya mawa. Ndipo ndinazindikira china chimene chinandiziziritsa thupi lonse kunja kukutentha. Nthawi yonseyi ndinali ndi chinthu chodikira. Ndikadzuka ndinkadikira kona, mwamuna wanga ankadikira kona, ngakhale azakhali ake a miyambi aja ankadikira kona. Ndikakhoma misomali imeneyi nyumba yatha, mlongo wanga sabwera, ndipo chotsala choti ndidikire kuti ndibwerere kwanga ndi chimodzi chokha, maliro a munthu amene wakhala pampandoyu. Mwamuna wanga akaimba adzafunsa chiyani? Ine ndikamawasambitsa m'mawa ndidzakhala ndikuwerenga chiyani? Ndinachita mantha ndi mtima wanga womwe, chifukwa ndimaudziwa, ndi wosaleza.

Ndinaika hamala pansi, ndinatenga chizulo. Ndinachilowetsa kuseri kwa thabwa n'kukanula. Linatuluka mosavuta poti misomali inali yongogwiriziza, koma kansonga ka pamwamba kaja, kamene ndinakasamala m'mawa wonse, kanathyoka n'kugwera pafupi ndi lezala.

"Apa panali mpata, Ada. Simunauone."

Anayang'ana thabwa, anayang'ana ine. Diso la kumbali yamoyo linadzaza misozi, linalo lili gwa. Anatsegula pakamwa kuti akane, ndinaona lilime likuyesa. Ndinawayang'anitsitsa mpaka anatseka.

"Unalipo," anatero pamapeto pake. "Bwereza, mama."

Ndinaimika thabwalo kuseri kwa chitseko, pamene lili mpaka lero. Nthawi zina ndimalitenga, ndimadulako pang'ono, ndimadetsa mzere ndi pensulo, Ada ali pampando kundiuza kuti ndipendeketse kasowo. Lafupika kwambiri, posachedwa lifunika lina, ndipo latsopanolo lidzayenera kuyamba lagona m'nyumba kuti lizolowere mpweya wa kuno. Chikwama ndinachibweza kuchipinda tsiku lomwelo, ndisanawaphikire chakudya chamasana.

Madzulo ake mwamuna wanga anaimba. Anafunsa za Ada, ndinati ali bwino, adya. Ndinkamva wailesi ya m'nyumba mwanga ikulankhula kumbuyo kwake. Kenako anafunsa funso lake lija, ndi mawu a munthu amene akudziwa kale yankho. Ndinamuuza kuti yatsala imodzi.